Musanagulitse bwato, funsani za chilolezo

Kwa zaka zambiri, mabanja a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akhala akutumiza ana awo ku South Africa, komwe Mmalawi amalowa ndi pasipoti yokha kwa masiku 30. Chizolowezi chimenechi chimachititsa ena kuganiza kuti ku Britain nakonso chachikulu n'kufika, zina zikaonekera komweko. Maganizo otere akhoza kusaukitsa banja lonse.

Ku Britain, chilolezo chokhala m'dziko chimayendera chifukwa chimene munthu wapitira. Viza ya mlendo imalola munthu kukhala miyezi isanu ndi umodzi. Mwini wake saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo sangaisinthe kukhala viza ya ntchito ali komweko. Wopitiriza masiku akhoza kubwezedwa kwawo, n'kuletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa nthawi yofika zaka 10.

Wofuna ntchito ayenera kupeza kaye kampani imene unduna wa Home Office unaipatsa laisensi yolemba anthu akunja. Mayina a makampani otere boma limawaika poyera pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kuwawerenga kwaulere. Kampani ikalandidwa laisensi, wantchito amapatsidwa masiku 60 kuti apeze ina, apo ayi anyamuke. Choncho tsogolo la mwana wanu limakhala m'manja mwa bwana amene simunamuonepo.

Malamulowa amasinthasinthanso. Mu March 2024 boma la Britain linaletsa osamalira okalamba ochokera kunja kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 linatseka khomo lolembera antchito atsopano a mtunduwu kuchokera kunja. Amene akukulonjezani ntchito imeneyi lero, n'kumafuna ndalama, akukugulitsani mphepo.

Nkhani ya banja nayo njofunika kuimvetsa. Kuyambira April 2024, nzika ya Britain kapena wokhazikika kumeneko amene akuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kuonetsa kuti amapeza mapaundi 29,000 pachaka, kapena kuti ali ndi ndalama zokwanira kubanki. Akuluakulu oona zolowa ndi kutuluka amafuna umboni wolembedwa wa ukwati, choncho amene anamanga nikah asunge bwino zikalata zake. Wamitala adziwe kuti mkazi mmodzi akalowa pa chilolezo cha ukwati, wachiwiri sapatsidwa.

Ena anganene kuti malamulowa ngouma mtima, ndipo n'zoona kuti amapweteka kwambiri osauka. Komatu dandaulo silibweza bwato lomwe lagulitsidwa kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanagulitse bwato, ukonde kapena munda, khalani pansi monga banja ndipo funsani mafunso atatu: Viza imeneyi njamtundu wanji? Kampaniyo ili pa mndandanda wa boma? Ntchito ikatha, mwana wathu adzabwerera bwanji? Wokonza ulendo akalephera kuyankha ngakhale limodzi, ndalama zanu zisachoke m'nyumba.