Akatswiri a zachuma ayamba kudzikayikira okha

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzi yathuyi kuti nditsineko khutu anzanga akumudzi, komanso abusa ndi ansembe, pa nkhani imene ambirife sitinaimve. Akatswiri a zachuma, omwe aja amalangiza boma za kwacha ndi feteleza, ayamba kudandaula okha kuti maphunziro awo ali ndi chilema.

M'chaka cha 2008, chuma chitagwa ku Amereka ndi ku Ulaya, Mfumukazi Elizabeth inafunsa aphunzitsi a ku London School of Economics kuti bwanji panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona tsokalo likubwera. Mu 2024 a Angus Deaton, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2015, analemba m'magazini ya bungwe la IMF lenilenilo kuti iwo ndi anzawo anatanganidwa ndi zoti misika iziyenda bwino, n'kuiwala kufunsa kuti mphamvu zili m'manja mwa yani ndipo chilungamo chili pati. Komatu izi mwana wathuwathu, malemu Pulofesa Thandika Mkandawire omwe anatisiya mu 2020, anazinena kalekale. Mu 1999 iwo ndi a Charles Soludo a ku Nigeria anatulutsa buku losonyeza kuti ndondomeko zimene Africa inakakamizidwa kutsata pofuna ngongole sizinabweretse chitukuko chimene tinalonjezedwa.

Kwa iwo uwu ndi mtsutso wa m'mabuku, koma ife kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe tinaumvera m'mimba. Dziko lino linayamba kulandira ngongole zokhala ndi malamulo otere mu 1981. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika ina ing'onoing'ono ya ADMARC inatsekedwa. Papepala nzeruyo inali yomveka ndithu: ogula akachuluka adzalimbirana mbewu, mtengo udzakwera, mlimi adzapindula. Chimene pepalalo silinaone n'chakuti kumudzi wakutali ndi tala sikufika ogula khumi. Kumafika venda mmodzi ndi sikelo yakeyake, nthawi yokolola pamene mlimi ali kakasi ndi ngongole. Ndiponso kuno mvula ndi ya njomba. Banja limene lagulitsa chimanga mu Meyi ndi lomwelo limene likukachigula mokwera mtengo mu Januwale. Kodi pa masamu awo aja, banja lotere analiika mbali ya ogulitsa kapena ya ogula?

Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika ndiwo uzinena mphamvu yake, ndipo pasanathe zaka zambiri thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza linachotsedwa. Kenaka a IMF analangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe. Pano ndisawanamizire alendo okha ayi: iwo anati gulitsani gawo, koma anzathu ena anasesa pafupifupi chonse, ndipo njala ya 2002 inatipeza nkhokwe zili pululu. Atsogoleri a mipingo, omwe ankaika maliro tsiku ndi tsiku, anali m'gulu la oyamba kukuwa boma lisanalengeze za ngoziyo mu Febuluwale chaka chimenecho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mu 2005 a Bingu wa Mutharika, nawonso katswiri wa zachuma, anabweretsa makuponi a feteleza ngakhale ena mwa otithandiza ankanyinyirika, ndipo pofika 2007 tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Makuponiwo anali ndi zawonso, kuba ndi kukondera, ndiye sindikunena kuti mbali imodzi ndi ya angelo.

Ine ntchito yanga inali ya choko. Kalasi yonse ikalephera mayeso, woyendera sukulu sankafunsa ana. Ankaitanitsa mabuku a mphunzitsi. Nanga walangiza molakwa dziko lathunthu amamuitanitsa mabuku ndani? Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, mchere ndi thiransipoti yopita m'tauni zinakwera nthawi yomweyo, koma malipiro a ganyu ndi penshoni zinatsalira m'mbuyo.

Sindikuti maphunzirowa atayidwe, chifukwa dziko losadziwa kuwerenga ndalama zake silingayende. Pempho langa likupita ku bungwe la akatswiriwa la ECAMA ndi aphunzitsi a zachuma a ku Zomba: msonkhano wanu umodzi mudzachitire pa Lunzu kapena pa Lirangwe, mwezi wa Febuluwale nkhokwe zitauma, ndipo mudzayankhule Chichewa kuti amayi ogula chimanga cha pambale adzakufunseni mafunso. Abusa ndi ansembe, anthuwa akadzavomera mudzatibwereke holo ndi mabenchi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Lirangwe, Blantyre.