Mbatatesi ya kwa Dambe m'mbale ya Chijapani

Lachisanu lina semesita yathayi, mayeso atatsala sabata imodzi, mnzanga anandikokera ku kamalo kena kodyera ku Chikanda, kufupi ndi kampasi yathu ku Zomba. Ndi malo aja a mabenchi awiri, tebulo loyalidwa pulasitiki ndi beseni losambira m'manja pakhomo. Masiku onse amagulitsa nsima ya nyemba, ya bonya kapena ya soya pisi. Koma Lachisanu amayi a pamalopo amaphika zimene iwo amati "ndiwo za Chijapani". Kale ankaphikira mphunzitsi wina wa ku Japan amene ankathandiza pa sukulu ina ya sekondale, ndipo anaphunzirira komweko. Sizodabwitsa kwenikweni, chifukwa achinyamata ongodzipereka a ku Japan, amene lero amabwera kudzera ku JICA, anayamba kufika m'Malawi mu 1971.

Ine ndinkayembekezera nsomba yaiwisi ija timaiona pa TikTok. Mbale itabwera ndinaseka. Munali mbatatesi yodula zikuluzikulu, anyezi, karoti, tinyama ta ng'ombe topyapyala ndi msuzi woderako, pambali pake mpunga. Nditalawa ndinamva kutsekemera.

"Amayi, mwathira shuga m'ndiwo?"

"Idyani kaye, mwananga. Mafunso abwera mukakhuta."

Ndinamaliza mbale yonse. Kenako ndinafunsa kumene amagula mbatatesi. Anati kumsika, ndipo ogulitsa amati ndi ya ku Tsangano. Apa ndi pamene chakudyacho chinandikhala pakhosi. Kwathu ndi kwa Dambe, kumapiri a Neno, kumalire ndi Mozambique. Mayi anga amalima mbatatesi, ndipo mavenda amene amawagula amakweza matumba pa lole n'kutulukira njira ya ku Tsangano. Ikafika m'tauni imakhala yasanduka ya ku Ntcheu. N'kutheka ndithu kuti ndinalipira ndalama yapamwamba kudya mbatatesi ya m'munda mwa mnansi wathu, itavala dzina lachilendo.

Chakudyacho amachitcha nikujaga. M'Chijapani, niku ndi nyama, jaga ndi chidule cha jagaimo, kutanthauza mbatatesi. Basi, nyama ndi mbatatesi, zophikidwa pamoto wochepa mu sosi wa soya ndi shuga pang'ono. Si chakudya cha m'mahotela. Ndi cha kunyumba ndi m'timalo todyera ta anthu wamba, ndipo Ajapani akamanena za ofukuro no aji, kukoma kwa zophika za mayi ako, nikujaga imatchulidwa msanga. Wophunzira wa ku Japan amene ali kutali ndi kwawo akaidya amakumbuka kwawo, monga ine ndimachitira ndikamva fungo la nkhwani wotendera.

Mfundo yanga ndi iyi: ife ophunzira timalemekeza chakudya cha mayi wa munthu wina, koma timachita manyazi ndi cha mayi athu, ndipo manyazi amenewa ali ndi mtengo umene amalipira ndi mlimi.

Ndiyambe ndi ine mwini. Chaka choyamba, anzanga akafunsa kwathu ndinkayankha kuti ku Mwanza. Sindinkanama kwenikweni, poti Neno anakhala boma paokha mu 2003, atapatulidwa ku Mwanza. Koma ndinkathawa nthabwala zija: kumafika netiweki? Mumayenda masiku angati? Mayi akanditumizira kathumba ka mbatatesi, ndinkakazinga tchipisi basi. Kuiphika monga timachitira kwathu, ndi tomato ndi anyezi, nthawi zina kutendera nsinjiro, ndinkaona ngati ndidzionetsa umphawi pamaso pa anzanga a m'chipinda. Tsiku lija ku Chikanda ndinadya chinthu chosasiyana kwenikweni ndi chimene ndinkabisa, ndipo ndinachijambula n'kuika pa WhatsApp.

Wina anganene kuti ndikudana ndi zakudya zachilendo. Ayi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ajapani enieniwo ndi akatswiri obwereka. Mbatatesi kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo dzina loti jagaimo linachokera ku Jagatara, dzina lakale la Jakarta, doko limene zombo zinkachokera pobweretsa mbewuyi ku Japan. Tempura anaphunzira kwa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Mpunga wa kale, umene lero ana a sukulu ku Japan amaukonda kwambiri, unafika kudzera kwa Angerezi m'nthawi ya mfumu Meiji, pakati pa 1868 ndi 1912. Ngakhale manudozi a m'paketi amene timadya usiku powerenga anayambitsidwa ndi Momofuku Ando mu 1958, munthu amene anaona njala ya ku Osaka nkhondo yachiwiri itatha. Ifenso chimanga chathu chinachokera ku America, ndipo mawu oti mbatata ndi mbatatesi ndi achibale a batata wa Apwitikizi. Palibe khitchini imene sinabwerekepo.

Kusiyana kwake n'kwakuti Ajapani akabwereka chinthu amachisandutsa chawo, n'kuchipatsa ulemu. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika washoku, kaphikidwe ka makolo a ku Japan, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Ndi angati a ife amene tikudziwa kuti mu 2017 bungwe lomweli linaika nsima ya Malawi pa mndandanda womwewo? Nditafunsa anzanga asanu a m'kalasi, palibe anadziwa. Mmodzi anaganiza kuti ndikuseka.

Ulemu umene ndikunenawu suthera pakamwa, umafika m'thumba. Taonani mpunga wa Kilombero. Munthu amafika pamsika n'kufunsa wa ku Karonga, ndipo amalolera kulipira zambiri chifukwa cha dzinalo. Chambo cha ku Mangochi n'chimodzimodzi. Koma mbatatesi ya ku Neno ilibe dzina, tirigu wa kumapiri kwathu alibe dzina, ndipo manachesi athu akafika ku Blantyre onse amangoti a ku Mwanza. Katundu wopanda dzina mtengo wake amaunena ndi wogula. Ndaonapo mayi anga ataima pafupi ndi matumba odzadza mpaka kusokerera pamwamba, venda akutchula mtengo wake, iwo n'kuvomera chifukwa mitambo yachita bii ndipo lole ina mwina sibweranso. Fizi yanga ya sekondale inachokera m'matumba amenewo.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yopatsa dzina zokolola tinaitenganso ku Japan komweko. Mu 1979 bwanamkubwa wa chigawo cha Oita, Morihiko Hiramatsu, anayambitsa ndondomeko yoti mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi chimene ungadziwike nacho. Malawi anaitengera ndondomekoyi mu 2003, pa dzina la OVOP, chaka chomwe Neno anakhala boma. Papita zaka zoposa 20, koma ndikafunsa mnzanga wa ku Lilongwe chimene Neno amadziwika nacho, amatchula msewu woipa, kapena chipatala ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limene lakhala kumeneko kuyambira 2007. Palibe amatchula chakudya.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukuganiza, ndipo mukulondola mbali ina. Dzina silikwirira maenje a mumsewu. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza wakhala ukulonjezedwa kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi ya dzinja kukwera kwa Dambe ndi nkhondo. Malinga ngati lole ikuvutika kufika, mlimi adzagulitsabe motchipa. Komanso wophunzira amene akudikira ngongole ya sukulu sasankha chakudya potengera chikhalidwe. Amadya chimene chikukwana ndalama yake, ndipo ena amagona ndi tiyi yekha. Sindikunyoza aliyense amene amadya manudozi kasanu pa sabata. Inenso ndadyapo.

Koma mfundo ya umphawiyi ikundithandiza ine. Mbatatesi yophika ndi tomato siifuna mafuta ambiri ngati tchipisi cha pachiwaya, ndipo mafuta ophikira ndi amene akweza mitengo m'timalo todyera. Imakhutitsa, imaphikidwa mumphika umodzi, ndipo nyama yochepa imakwanira anthu ambiri. Chimene chikuletsa amayi a ku Chikanda kuiika pa mndandanda wa tsiku ndi tsiku si mtengo. Nditawafunsa anandiyankha mosabisa: "Ndikalemba kuti mbatatesi yophika, ana inu simugula. Mumati za kumudzi. Ndikati za Chijapani, pofika 1 koloko zatha." Vuto tsono si amayiwo. Ndife ogula.

Msewu sitingaumange ife ophunzira, ngakhale tingaulankhulire ndi kuuvotera. Koma pali zimene zili m'manja mwathu. Tikalowa m'malo odyera tizifunsa kumene chakudya chachokera. Tiziitanitsa zophika za kwathu mokweza mawu, osati monong'ona. Anzathu amene akuphunzira za zakudya ku Bunda ndi za alendo ku Mzuzu alembe maphikidwe a agogo athu asanapite nawo kumanda. Ndipo ife a ku Neno tisiye kunena kuti kwathu ndi ku Mwanza.

Holide ino ndili kumudzi. Ndinabwera ndi kabotolo ka sosi wa soya, ndipo Lamlungu ndinati ndiwaphikire mayi nikujaga ndi mbatatesi yokumba m'mawa womwewo. Anakhala pa mpando wawo akundiyang'ana. Nditatenga supuni ya shuga anandigwira dzanja.

"Iwe, shuga ndi wa mu tiyi."

Anadula tomato awiri n'kuponyamo, n'kuwonjezera kambuzi. Chimene chinatuluka mumphikamo Mjapani sangachizindikire, koma mng'ono wanga anapala mpaka pansi. Mayi anafunsa dzina lake. Ndinawauza kuti limatanthauza nyama ndi mbatatesi. Anaseka kwambiri, n'kunena kuti ngati ku yunivesite ndikuphunzira zimenezi, bola akanandiphunzitsa okha kwaulere.

Tikatsegulira sukulu ndinyamula theka la thumba kupita nalo ku Chikanda. Ndagwirizana kale ndi amayi aja pa foni kuti Lachitatu lililonse aziphika mmene timaphikira kwathu, ndipo pa bolodi alembe kuti mbatatesi ya kwa Dambe, Neno. Ati ayesa milungu itatu, ndipo ikapanda kuyenda malonda abwerera ku soya pisi. Amene muli ku Zomba, Lachitatu loyamba la semesita ndidzakhala pa benchi ya kukhomo.