NYIMBO ZA ROCK SIZIKALAMBA, KOMA ZIFUNA WOZISUNGA

Mu October 2024 woimba wina wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid". Acinyamata a m'maiko ambiri anaikonda, koma owerengeka okha ndiwo anazindikira kuti mau acilendo omveka mkati mwake anali a Cinyanja. Anali mau a malemu Paul Ngozi, otengedwa m'nyimbo yake ya "Nizakupanga Ngozi" imene inatuluka mu 1977 pa mbale ya "45,000 Volts". Mwini mauwo anamwalira mu 1989, ndipo patapita zaka 35 gitala yake inali kulirabe m'mizinda imene iye sanapondemo.

Nyimbo za rock zinafika m'dziko lino m'zaka za m'ma 1960 kudzera pa wailesi ndi pa mbale za galamafoni. Zambia anali atangolandira ufulu wodzilamulira mu 1964, mkuwa unali kugulidwa bwino, ndipo anyamata a ku Migodi anali ndi ndalama zogulira mbale za Beatles, Rolling Stones ndi Jimi Hendrix. Poyamba anali kungotsanzira zimene anamva. Bambo Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina lakuti Jagari kaamba kakuti mabvinidwe ao anafanana ndi a Mick Jagger.

Kutsanzirako sikunakhalitse. Magulu a Musi-O-Tunya, WITCH, Amanaz, Blackfoot ndi Ngozi Family anayamba kupeka nyimbo zaozao, nasakaniza kulira kwaukali kwa gitala yamagetsi ndi kamenyedwe ka ng'oma ka kuno kwao. Kusakaniza kumeneku ndiko kunachedwa Zamrock. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za a Zambia, ndipo oimba anapeza msika. Ku Ndola makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour anali kutulutsa mbale. M'caka ca 1975 cokha munatuluka "Lazy Bones!!" ya WITCH, "Africa" ya Amanaz ndi "Wings of Africa" ya Musi-O-Tunya.

Nanga ncifukwa ninji nyimbo za nthawi imeneyo zikali kugwira mtima, pamene zina za caka catha zaiwalika kale? Cifukwa coyamba ndi cakuti zinapangidwa ndi manja. Anthu anai kapena asanu anali kulowa m'cipinda cimodzi, wina ndi ng'oma, ena ndi magitala, naimba pamodzi. Womvera amamva thukuta lao, ngakhale pamene cala caterereka pa nsambo. Zipangizo zojambulira mau zinali zosakwanira, cotero mbale zambiri zimamveka mosasalala, koma kusasalala komweko ndiko kumene acinyamata a lero, otopa ndi nyimbo zosalazidwa pa kompyuta, amakufunafuna. Njala imeneyi ndi imodzi ndi imene imacititsa ana a ku London kugula mbale za Led Zeppelin ndi Nirvana zimene zinatuluka iwo asanabadwe.

Cifukwa caciwiri ndi cakuti nyimbozo zinanena zoona. Paul Ngozi anaimba za moyo wa m'makomboni, za umphawi ndi makhalidwe a anthu, m'cilankhulo cimene munthu wamba anali kumva. Mtengo wa zinthu umasintha, maboma amasintha, koma mnyamata wosowa nchito wa mu 2025 amamva mtima wake m'mau a mnyamata wosowa nchito wa mu 1977.

Alipo ena amene amati rock ndi nyimbo zacilendo, zosayenera kuwerengedwa pa cikhalidwe ca Zambia monga kalindula kapena vimbuza. Nkhawa yao yofuna kuteteza miyambo ya makolo ndi yomveka, koma aiwala zinthu ziwiri. Rock inaphuka kucokera ku nyimbo za blues za anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo otengedwa mu Africa, ndipo Chuck Berry ndi Little Richard ali pakati pa amene anaiyambitsa. Ndiponso cimanga cinacokera kutsidya la nyanja, koma palibe amene amacha nsima cakudya cacilendo. Cinthu cimakhala ca mtundu pamene mtunduwo wacilima, wacisinja ndi kuciphika mwa njira yake.

Zamrock inazilala mofulumira. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 anthu anasowa ndalama zogulira mbale. Ndege za Rhodesia zitaponya mabomba mu 1978, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi amene anali kudyetsa oimba. Disco ndi kalindula zinatenga malo, makaseti obedwa anadzaza misika, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Pa anyamata amene anaimba "Lazy Bones!!" anatsala ndi Bambo Chanda okha, amene anakhala mphunzitsi ndipo pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali.

Amene anadzafukula cuma cimeneci anali alendo. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso mbale za WITCH, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri pansi pa dzina la "Welcome to Zamrock!". Mu 2019 munatuluka filimu yonena za gululo, yokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Bambo Chanda anabwereranso pa bwalo pamodzi ndi Bambo Patrick Mwondela, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa "Zango", patapita zaka 39 cicokere "Kuomboka" ya mu 1984. Mwana wa dziko lino, Sampa the Great, nayenso analemekeza Zamrock m'nyimbo yake ya "Never Forget" mu 2022.

Alendowo ayenera kuthokozedwa. Komabe sicinthu conyaditsa kuti mwana wa ku Kitwe amve za Amanaz kwa nthawi yoyamba kucokera kwa woimba wa ku America. Mbale zimene zikali m'masutukesi a agogo ziri kuonongeka ndi fumbi ndi cinyontho, ndipo akuluakulu amene anaona masiku aja ali kutha mmodzimmodzi.

Pali nchito zitatu zimene siziyenera kudikira. Nyumba zosungira mbiri ya dziko zisonkhanitse mbale zimenezi ndi kujambula mau a oimba amene akali moyo. Nyumba za wailesi zipatule nthawi sabata iriyonse yoliza Zamrock ndi kufotokoza mbiri yake. Ndipo oyang'anira za umwini wa nyimbo aonetsetse kuti pamene nyimbo ya malemu yagwiritsidwa nchito kunja, ana ndi akazi amasiye alandire gawo lao.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Nyimbo za Zamrock zagonera zaka 50 ndipo zakoma. Catsala ndi cakuti eni ake azisunge.