Loya wamkulu wa boma: wa dziko kapena wa wolamula?

Pa 16 September 2025, ovota a ku Manyamula m'boma la Mzimba adasankha mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala. Mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo sadali pa pepala lililonse. Gawo 98 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka mphamvu yomusankha kwa Pulezidenti yekha.

Ku America zinthu n'zosiyana: m'zigawo 43 mwa 50, anthu amavotera okha loya wamkulu wa chigawo chawo. Ena angafune kuti nafenso titero.

Chifukwa chake chikuoneka. Maloya atatu omwe adatchuka pa mlandu wa chisankho cha 2019 onse akhalapo pa mpandowu. Kalekeni Kaphale adaimira bungwe la MEC ali paudindo, ndipo makhoti adadzudzula zimenezo. Chikosa Silungwe, yemwe adaimira Saulos Chilima, adasankhidwa mgwirizano wa Tonse utapambana mu 2020, koma Lazarus Chakwera adamuchotsa mu July 2021. Frank Mbeta, mmodzi mwa oimira Peter Mutharika, adalowa mu ofesiyi Mutharika atabwerera m'boma mu 2025. Onsewa ndi akadaulo, palibe akutsutsa. Koma mpando ukamasintha mwini pamodzi ndi boma, mlimi wa ku Mzimba ali ndi ufulu wofunsa kuti loyayu kasitomala wake ndani.

Funsoli si la m'tauni mokha. Mapangano monga omwe boma lidasainirana ndi kampani ya Globe Metals & Mining mu 2023 pa mgodi wa Kanyika, kummwera kwa Mzimba, amadalira uphungu wa zamalamulo wa boma. Nzika ikasumira boma, ofesi yomweyi ndiyo imayankha, ndipo chipukuta misozi chimachokera m'misonkho.

Ngakhale zili choncho, kuvotera mpandowu sikungachize nthendayi. Kampeni ya dziko lonse imafuna ndalama zankhaninkhani, ndipo amene ali nazo ndi zipani zomwezo. Loya wopambana angalowe mu ofesi ali kale ndi ngongole.

Njira yapafupi ili m'malamulo momwemo. Mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zosankha anthu m'maudindo. Chodabwitsa n'chakuti mlangizi wamkulu, yemwe gawo 101 limamulola kupereka malangizo kwa wozenga milanduyo, sadutsa pa sefa imeneyi. Aphungu a ku Mzimba atafuna, akhoza kukaiyambitsa nkhaniyi m'nyumbayo.