Yunivesite Yomangidwa Pakamwa Singatiteteze

Mudzawamva pamisonkhano akunena kuti wophunzira wa ku yunivesite ntchito yake ndi mabuku basi, zadziko azisiyire akuluakulu. Abale ndi alongo, mawu amenewa musawalandire. Amawakonda ndi okhawo amene amaopa kufunsidwa.

Kumbukirani Malichi 1992. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba pamsewu kuivomereza, ambiri ali chete ndi mantha. Koleji inatsekedwa, koma mu Juni 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri. Voti muli nayo leroyi ili ndi thukuta la achinyamata amenewo.

Mu Febuluwale 2011, mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kuti akalongosole zimene anaphunzitsa m'kalasi zokhudza kuukira boma kwa anthu a ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake ananyanyala ntchito, ndipo maphunziro anaima kwa miyezi yambiri. Ankateteza ufulu wofunsa chifukwa chimene mafuta ndi ndalama zakunja zimasowera. Funso limeneli ndi lanunso.

Kolera ikabuka, kapena namondwe wonga Freddy wa 2023 akakokolola midzi, timathamangira kwa madokotala ndi akatswiri osulidwa m'makoleji omwewa. Tingafune bwanji manja awo kwinaku tikuwatseka pakamwa?

Choncho wopempha voti yanu mufunseni poyera: kodi mphunzitsi akadzadzudzula boma lanu, mudzamuyankha ndi mfundo kapena ndi apolisi? Akazemba funsoli, inunso mudzamuzembe tsiku loponya voti.