Kodi oyenda m'nkhalango angaipulumutse Dzalanyama?

Loweruka m'mawa m'nyengo yachilimwe, pamsewu wafumbi wolowera ku Dzalanyama pamapezana magulu awiri a anthu. Loyamba ndi la abambo okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, ulendo wa kumisika ya mumzinda wa Lilongwe. Lachiwiri lili m'galimoto, lanyamula madzi akumwa, kamera ndi magalasi oonera patali, ndipo likupita kukayenda m'nkhalango ndi kukaona mbalame.

Magulu onsewa akudalira mitengo yomweyo, koma wina akuifuna ili chiimire pomwe mnzake akuifuna itagwa. Nchifukwa chake pakhala mtsutso ngati alendo oyenda pansi m'nkhalango angabweretse ndalama zokwanira kuti munthu wa m'mudzi aike nkhwangwa pansi.

Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1922. Ndi yaikulu mahekitala oposa 98,000 ndipo idakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, kutsata malire a dziko lino ndi Mozambique. Dzina lokhalo likuchitira umboni kuti kale malowa adali odzaza ndi nyama.

Lero mlendo asayembekezere kuona njovu kapena mkango. Akayenda mwakachetechete angakumane ndi anyani, apusi ndi gwape, kapena kuona pomwe nguluwe zafukula usiku. Chomwe chimakoka anthu ochokera kutali ndi mbalame. Bungwe la BirdLife International lidaika Dzalanyama pamndandanda wa malo ofunika kwambiri pa mbalame, ndipo imodzi mwa zomwe alendo amasakasaka ndi gogomole wotchedwa Stierling's woodpecker, yemwe amapezeka m'Malawi, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique.

Kuona mbalame m'nkhalango ya miombo kumafuna mtima wodekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amatha kuyenda ola lathunthu osaona kanthu, kenaka mwadzidzidzi nkukumana ndi gulu la mbalame zamitundumitundu zikuyendera limodzi posaka tizilombo m'makungwa ndi m'masamba. Pakapita mphindi zochepa gululo limasuntha, nkhalango nkukhalanso zii. Apa mpomwe pamafunika mlondoleri wodziwa njira ndi kulira kwa mbalame, ndipo ntchito imeneyi mwana wa m'mudzi yemwe adakulira mphepete mwa nkhalangoyi angaigwire bwino kuposa wina aliyense.

Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira May mpaka October, misewu ikauma. Cha mu September mitengo ya mombo ndi tsamba imaphuka masamba ofiirira mvula isadagwe, ndipo mapiri onse amasintha maonekedwe.

Madzi a Lilongwe

Koma nkhani ya Dzalanyama siithera pa mbalame. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri amenewa, ndipo ndi womwe umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, komwe bungwe la Lilongwe Water Board limasunga madzi a mzindawu. Pakalembera wa mu 2018, mzinda wa Lilongwe udali ndi anthu pafupifupi 990,000.

Mitengo ikakhalapo, madzi a mvula amalowa pansi pang'onopang'ono ndipo mitsinje imayendabe m'chilimwe. Ikadulidwa, madzi amathamanga pamtunda, kukokolola dothi nkukalitaya m'damu. Zotsatira zake damu limasunga madzi ochepa, ndipo kuyeretsa madzi amatope kumafuna mankhwala ambiri. Mapeto ake mtolo umagwera yemwe amalipira bilu ya madzi ku Kawale kapena ku Area 25, yemweyo amene amagula thumba la makala pamsika.

Apa mpomwe pagona vuto. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale m'nyumba zomwe muli magetsi, mbaula siisowa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi komanso kukwera mtengo kwa gasi. Wootcha makala amangotsata komwe kuli msika.

Zomwe zayesedwa kale

Boma silidangokhala chete. Lamulo la zankhalango la mu 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Mu 2015 asilikali a nkhondo adatumizidwa ku Dzalanyama kukathamangitsa odula mitengo, ndipo Lilongwe Water Board idathandizapo ndi ndalama. Mu 2016 bungwe la JICA la ku Japan lidayamba ntchito yothandiza nthambi ya zankhalango kusamalira malowa. Mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya zaka 10 yothana ndi vuto la makala, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango lidakonzedwanso kuti zilango zikhwime.

Komabe njinga za makala sizidasiye kulowa mumzinda. Chifukwa chake nchosavuta kumvetsa. Asilikali amafuna chakudya, mafuta ndi ndalama zapadera tsiku lililonse, ndipo sangaime pamtengo uliwonse m'nkhalango yaikulu chonchi. Chilango chimaopsa munthu yemwe ali ndi pogwira pena. Bambo yemwe chimanga chidamuthera mu November ndipo feteleza sangamukwanitse, amaona kumangidwa ngati tsoka la mawa, pomwe njala ndi ya lero.

Ndalama ya mlendo imathera kuti?

Omwe amalimbikitsa zokopa alendo amati mtengo umodzi ungaonedwe ndi alendo chaka ndi chaka, pomwe makala amagulitsidwa kamodzi kokha. Mfundoyi njoona, koma imagwira ntchito pokhapokha ndalamayo ikafika m'thumba la munthu wokhala pafupi ndi mtengowo.

Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mlendo amabwereka galimoto mumzinda, amathira mafuta mumzinda, amagula chakudya m'sitolo za mumzinda, ndipo nthawi zina ngakhale womuperekeza amachokera mumzinda momwemo. Akamadutsa m'midzi amangosiya fumbi. Kuonjezera apo, okonda mbalame ndi anthu ochepa. Sangafanane ndi unyinji wa mabanja omwe amadya kuchokera m'makala, kuyambira wodula, wootcha, wopalasa njinga mpaka mayi wogulitsa timapepala pamsika.

Choncho kunena kuti alendo okha angathetse kuotcha makala nkudzinamiza. Koma sikuti alibe phindu, ndipo zitsanzo zilipo m'dziko momwe muno.

Ku Mulanje, achinyamata ambiri amapeza ndalama poperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu pokwera phiri, ndipo ali ndi bungwe lawo. Ku Thuma, nkhalango yomwe ili pakati pa Lilongwe ndi Salima, bungwe la Wildlife Action Group lakhala likugwira ntchito ndi nthambi ya zankhalango kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kulemba ntchito alonda ochokera m'midzi yozungulira, ndipo njovu ndi njati zikupezekabe kumeneko. Ku Majete, komwe nyama zidatsala pang'ono kutheratu, bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa malowa mu 2003, ndipo lero kuli njovu, mikango ndi zipembere.

Phunziro lake ndi lakuti pomwe anthu a m'deralo apatsidwa ntchito ndi gawo la phindu, nkhalango imapeza maso ambiri oiyang'anira. Ngakhale kupezeka chabe kwa anthu oyenda m'tinjira kumathandiza, pakuti uvuni wa makala umafuka masiku angapo ndipo subisika pomwe anthu amadutsa pafupipafupi.

Amalawi eni ake ali kuti?

Mbali ina yomwe siikambidwa mokwanira ndi ya alendo a m'dziko momwe muno. Kwa ambiri, kuyenda m'tchire popanda chokatenga ndi zachizungu kapena kusowa chochita. Koma Dzalanyama ili ndi mbiri yomwe imakhudza Mchewa aliyense. M'mapiri omwewa ndimo muli Kaphirintiwa, pomwe makolo amati Chauta, mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama zonse adatsikira, nkusiya mapazi pathanthwe. Nthanoyo imati onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu adapeka moto nkuyatsa tchire. Nyama zidathawa ndipo Chauta adakwera kumwamba. Kufupi komweko kuli Msinja, komwe kudali kachisi wa Makewana wopemphererako mvula.

Ana asukulu a ku Lilongwe amaphunzira mayina amenewa m'kalasi, koma ndi ochepa omwe adapondako. Sukulu, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi makampani a mumzinda atamakonza maulendo okayenda kumeneko, nkumalipira alondoleri a m'mudzi ndi kugula uchi, masuku kapena nkhuku komweko, ndalama zingamalowe m'midzi chaka chonse osadikira mlendo wa pandege.

Mpofunikanso kukumbukira kuti nkhalango yamoyo imadyetsa kale anthu. Bowa monga ndelema ndi manyame amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo, kotero mitengoyo ikatha nayenso bowa amatha. Chimodzimodzi uchi, mphalabungu ndi mankhwala azitsamba. Amayi omwe amagulitsa bowa m'mphepete mwa msewu m'dzinja ndiwo amayamba kutaya.

Kuti oyenda m'nkhalango akhale ndi phindu lenileni, pakufunika zinthu zooneka ndi maso: msewu wodutsika ngakhale m'dzinja, tinjira tokhala ndi zikwangwani, achinyamata a m'midzi ophunzitsidwa kuperekeza alendo, komanso dongosolo loonekera poyera la momwe ndalama zolowera pachipata zingagawidwire ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Lamulo la mu 1997 limalola kale kuti boma ndi anthu a m'midzi azisamalira nkhalango mogwirizana.

Koma zonsezi zidzangochedwetsa nkhwangwa ngati mzinda wa Lilongwe supeza njira ina yophikira yomwe banja wamba lingakwanitse. Bola mbaula ikuyaka m'nyumba iliyonse, njinga zipitiriza kutsika ku Dzalanyama m'bandakucha, ndipo tsiku lina wokaona mbalame ndi wotsegula mpopi ku Area 25 onse adzabwerera chimanjamanja.