Ku Lesotho, phula limatsata madzi

Wofuna kufika ku Lesotho sangachitire mwina koma kudzera ku South Africa, pakuti dzikoli lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Mmalawi wonyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka amatera kaye ku Johannesburg, kenako nkukwera ndege ya Airlink yomwe imauluka pafupifupi ola limodzi kukafika pa bwalo la Moshoeshoe I, kunja kwa mzinda wa Maseru. Wapamsewu amayenda makilomita oposa 400 nkukawoloka mtsinje wa Mohokare pa chipata cha Maseru Bridge.

Kufika ku Maseru si nkhani. Chomwe chimandivutitsa maganizo ndi ulendo wa Msotho wokhala kumapiri, yemwe dziko lake lomwe limamutalikira.

Malo otsika kwambiri m'dzikoli ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Phiri la Thabana Ntlenyana limafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje yemwe ali ndi mamita 3,002. Wolowera ku Sani Pass kuchokera ku KwaZulu-Natal amakwera mtunda wokhotakhota mpaka mamita oposa 2,800, ndipo chitundacho chimafuna galimoto ya 4x4. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chipale chofewa chimagwa nkutseka njira zina. Midzi yambiri imadalira mahatchi ndi abulu. Bambo amafunda bulangete lake, nkukwera hatchi tsiku lathunthu kukagula ufa kapena kukatenga mankhwala.

Matenda akakula, chiyembekezo chimakhala kumwamba. Kuyambira mu 1980 bungwe la Mission Aviation Fellowship lakhala likuulutsa tindege tating'ono tonyamula madokotala ndi anamwino a Lesotho Flying Doctor Service kupita kuzipatala za kumapiri, ndi kubwerako ndi odwala. Tindegeti timatera pa mabwalo aafupi a dothi, ena m'mphepete mwa phompho. Oyendetsa tindegeti ndimawavulira chipewa. Koma mphepo ikakula kapena nkhungu ikaphimba phiri, ndege siuluka, ndipo mayi yemwe wavutika pobereka amayenera kudikira kuti kuyere.

Ena amati mapiri otere sangalole msewu. Ine ndikukana. Mu 1986 Lesotho ndi South Africa adasainirana mgwirizano wotumiza madzi a kumapiri ku Johannesburg ndi madera ozungulira. Kuti simenti ndi makina zifike pomwe ankamanga damu la Katse, lotalika mamita 185, adalambula msewu wa phula wodutsa pa Mafika Lisiu, pamtunda wa mamita oposa 3,000. Miyala idaswedwa, milatho idamangidwa, ndalama zidapezeka, chifukwa kumapeto kwa msewuwo kunali chinthu chogulitsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Luso lilipo, koma limafulumira pokhapo pomwe pali phindu. Amene adakwerapo msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia akudziwa kuti nafenso izi si zachilendo.

Boma la Lesotho, ndi lathu lomwe, poyeza kufunika kwa msewu liwerengenso odwala, ana asukulu ndi alimi omwe adzayendepo. Ngati phula lidakwera phiri kukatenga madzi, likwerenso kukatenga mayi woyembekezera.